Azana Imene Twaibu Anasiya M'makina

Msewu wa kunyanja ndakuliramo ndipo ndikukalambiramo. Zaka zonse zimene ndagulitsa chambo pa mlatho wa Chia ndanyamulapo nsomba zofuna kuwola, mpunga wonyowa, ngakhale mbuzi yotsekula m'mimba, koma palibe ulendo umene unandiliza. Katundu amene anandigonjetsa sanali wodyedwa. Anali makina a mlongo wanga Twaibu, amene ndinachoka nawo ku Ngala mpaka ku Lilongwe ali chiyakire, ndipo lamulo la ulendo wonse linali limodzi: asazime.

Makinawo eni ake amawatcha sampula. Ndi chibokosi chachitsulo chotuwa, chophwatalala, cholemera ngati mwana woyamba kuyenda, chokhala ndi makutu awiri obowola m'mbali omangira pa shelefu ya mu situdiyo. Ntchito yake n'kumeza mawu. Ukachimvetsa ng'oma, mluzu kapena nkhafi ikumenya madzi chimasunga, ndipo ukadina kiyibodi chimalavula mawu omwewo. Twaibu anachigula kalekale kwa a Gondwe, mkulu wina amene ankajambula nyimbo ku Lilongwe, ndipo ngakhale pa nthawi imeneyo chinali chitakalamba kale. Ankaimba nacho m'maukwati ndi m'malo ogona alendo a ku Ngala. Anzake onse anasamukira pa laputopu ndi pa foni, iye anakana kwamtuwagalu. Ankati foni imaondetsa mawu.

Ine makinawo sindinkawakonda, ndisaname. Ndinkawatcha chitsulo cha njala. Mwamuna wa manja awiri, nyanja ili pakhomo, esiteti ya nzimbe ili pafupi, iye n'kumaswera akudinadina mabatani kuti ng'oma imodzi imveke bwino. Ndinamunena mpaka kukhosi kunauma, iye n'kumangoseka amvekere: "Achemwali, nsomba zanu zimawola, zanga siziwola." Apa mlongo wanga ananama. Makina akalewa ali ndi chilema chakuti chimene ameza amachisunga pokhapokha ali oyaka. Ukazimitsa usanakopere pa disiki, zonse zimafufutika.

Kwathu mwana akabadwa, azana, kuitana kwa kumzikiti kuja, imalowa m'khutu lake lamanja, ndipo amamunong'oneza ndi bambo ake. Twaibu atagwidwa ndi chifuwa chimene chinamudya miyezi inayi, mkazi wake Patuma anali ndi pakati poyamba, patatha zaka zisanu ndi ziwiri akudikira. Tsiku loti mawa lake akagonekedwa kuchipatala, Patuma atapita kusikelo, Twaibu anadzitsekera m'chipinda n'kujambula azana m'makina aja. Mkazi wake pobwera anamuuza kuti: "Ndamusiyira mwana azana yake, kuchitira mwina. Polowetsa disiki pachita dzimbiri, pakukana kusunga. Musazimitse, ndidzakonza ndikabwera." Kiyibodi tinagulitsa kuti tipeze galimoto yomutengera kuchipatala. Anakhalako masiku asanu ndi anayi, ndipo sanabwerere ndi miyendo yake.

Kuyambira tsiku limenelo makinawo sanazimepo. Ankadya moto wa batire la galimoto kudzera pa inveta, kabokosi kosandutsa moto wa batire kukhala wa m'nyumba, ndipo batirelo linkadzazidwa ndi sola ya padenga. Patuma anasiya kuyatsa getsi, foni n'kumakatchaja kwa oyandikana nawo, kuti moto wonse uzipita kumakina. Sadaka ya alubaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirire, inadutsa makina akung'ung'udza pakona. Kenako mvula inayamba, dzuwa linasowa masiku atatu otsatizana, inveta n'kuyamba kulira mbandakucha kuti batire latsala pang'ono kutha.

Tinaimbira a Gondwe. Anayesa kutilangiza pa foni ya vidiyo kuti tilize mawuwo n'kuwajambula pa foni, koma kagalasi ka kutsogolo kosonyeza zilembo kanali katazilala, osawerengeka. Nditadina batani lachiwiri anakuwa: "Basi mayi, chotsanipo chala! Mungafufute." Anati kwawo ali ndi kompyuta yokhala ndi pulogalamu ya masiku ano imene imalankhulana ndi makina akalewa pa chingwe, n'kuonetsa zonse zili m'mimba mwake pa sikirini yaikulu, ndipo ikhoza kukopera mawuwo. Koma iwo sakanabwera, anafa ziwalo mbali imodzi ndipo pakhomo sachoka. Patuma anali mu edda, nthawi imene mkazi wamasiye sayenda ulendo, komanso anali atatopa kale. Amalume athu a Mussa anati zonsezi n'zachibwana, azana akhoza kuchita iwo monga anachitira kwa ife tonse. Patuma anangotembenuka n'kundiyang'ana ine.

Ndinanyamuka Lachitatu itangotha swala, pemphero lathu la m'mawa. Makina ndinawagoneka m'beseni langa la nsomba pa pilo wa malemu, inveta ndinaimanga pamwamba ndi malegeni, batire ndinaliika m'kreti ya zakumwa. Zinthu zitatuzi zinali zolumikizana ndi mawaya osatalika kuposa mkono, ndiye chimodzi sichikanayenda osatenga zinzake. M'chikwama ndinaponyamo majampa obwereka, mawaya aja odzutsira galimoto yakufa batire. A Gondwe anali atandiloweza pamtima ngati mwana wa ku madrasa: batire likafuna kutha, lumikizani latsopano musanachotse lakale, chofiira kwa chofiira, chakuda kwa chakuda. Patuma anandiperekeza mpaka pa chitseko, polekezera pake. Anagwira m'mphepete mwa beseni kanthawi, n'kunena kuti: "Alamu, muyende naye bwino." Sananene kuti muyende nawo.

Pamsewu tinafika pa wilibala. Minibasi yoyamba inaima, kondakitala atangoona katundu anatsegula kumbuyo.

"Amayi, zimenezi kubuti."

"Izi zikhala pamiyendo panga."

"Nanga batirelo? Asidi atiboolera mipando."

"Likhala pampando. Ndilipira."

Ndinalipiradi mipando iwiri, wanga ndi wa batire, osanenerera ngakhale pang'ono. Amene amandidziwa akanadabwa, chifukwa ndine munthu wotha kuimitsa minibasi yonse pa chenje chogulira machesi. Kondakitala nayenso zinamudabwitsa, anandiyang'ana kawiri asanatseke chitseko.

Pa Dwangwa tinakhala nthawi yoposa ola kudikira kuti minibasi idzaze. Dalaivala ankangoyendetsa pang'ono kutsogolo n'kubwereranso, kunamiza anthu kuti tikunyamuka, ine mtima uli pa kagetsi kobiriwira ka inveta. Pamenepo m'pamene anakwera a Likoswe, bambo wowonda wa ku Phalombe, wodula nzimbe amene nyengo ya ntchito inali itamuthera. Anali ndi chikwanje chokulunga m'saka, ndowa yatsopano ndi thumba la shuga. Anakhala pafupi ndi batire langa n'kulipatsa moni ngati munthu, anthu n'kuseka. Ine sindinaseke.

Titadutsa Liwaladzi mvula inayamba kuwaza, zenera la mbali yanga linali losatsekeka. Ndinavula chitenje chapamwamba n'kufundika makina ndi inveta yomwe, kupinda m'mbali monse kuti dontho lisalowe. Ndinaona ngati ndachita zanzeru. Tisanafike pa Bua a Likoswe anayamba kununkhiza.

"Mayi, chikupsa n'chiyani?"

Anavundukula chitenje osandipempha. Inveta inali itatentha yosagwirika, kagetsi kaja kakuphethira.

"Imeneyi imapuma ngati munthu, mayi. Mukaitseka mphuno imakomoka. Kumakomboni tinawotchapo ziwiri."

Anachotsa chipewa chawo n'kuyamba kuikupiza, dzanja linalo atatchinga zenera ndi chivundikiro cha ndowa. Kagetsi kanakhazikika. Miyezi iwiri Patuma anawasunga makinawo yekha, ine ndinatsala pang'ono kuwapha tsiku loyamba ndi chitenje changa.

Manyazi amenewo ndinawatulira pa munthu wosalakwa. Kumbuyo kwathu kunakhala mtsikana wa sukulu ya uphunzitsi, amene anaona kuti inveta ili ndi bowo lachiwiri lopanda kanthu. Anatambasula dzanja ndi tchaja yake, akuti: "Anti, ndibayeko pang'ono, foni yanga yatsala pang'ono kuzima." Ndinamumenya dzanja mwamphamvu mpaka tchaja inagwera pansi pa mpando. Mayi wina kutsogolo anati anthu ena amakwera minibasi ngati anagula okha. Kufotokoza kukanafuna kuti nditchule dzina la Twaibu, ndipo pakamwa panga panali pasanakonzeke.

Paboma la Nkhotakota kondakitala anatigulitsa kwa minibasi ina, akuti yakeyo ikubwerera. Aka kanali koyamba kusamutsa katundu wanga popanda wilibala. Ndinasenza beseni, a Likoswe ananyamula kreti paphewa kuti mawaya asakokeke, n'kumayenda mogundana mapewa pakati pa njinga za kabaza ndi ogulitsa mandasi, anyamata oitanira akutifunsa ngati ndi ukwati watsopano. A Likoswe anali ndi katundu wawo, koma anamusiya pansi n'kudzamubwerera. M'minibasi yachiwiriyi ndinatenganso mipando iwiri, ndipo tinadikiranso. Kunja kunali mdima wa mvula, ndipo ndinayamba kuwerengera maola amene batire lija lakhala osaona dzuwa.

Pa Chia minibasi inaima monga mwa nthawi zonse, anzanga n'kuthamangira kumazenera ndi chambo m'manja. Mmodzi anandizindikira. "Aa, Asiyatu! Wasiya nsomba, wayamba mawailesi?" Enawo anafa nacho chiseko. Benchi langa linali pomwepo pansi pa mtengo, lopanda kanthu chichokere ine kukadwazika Twaibu ku Ngala, litanyowa. Tsiku lina ndikanamubwezera mawu oti akawakumbukire mpaka Lachisanu, koma ndinangomukwezera dzanja minibasi n'kunyamuka.

Mavuto enieni anatipeza titapitirira Benga. Tinaona mzere wa magalimoto kutsogolo, malole a shuga, mabasi, anthu atakhala m'mbali mwa msewu pansi pa maambulera. Madzi anali atakokolola kamlatho usiku wa dzulo lake, msewu n'kuduka pakati. Anthu ogwira ntchito ankathira miyala kuti apange njira yapambali. Wina ankati pakatha maola awiri tidutsa, wina ankati mawa. Ogulitsa chimanga chootcha anali atafika kale, ngati anauzidwiratu. Dalaivala wathu anazimitsa galimoto, n'kutsamira chiwongolero, n'kugona.

Tinakhala pamenepo kuyambira cha m'ma leveni mpaka dzuwa, likanakhala kuti likuoneka, litapendeka. Palibe chotopetsa ngati kudikira uli ndi chinthu chimene chikutha. Anthu ena ankadandaula za tomato wawo, ena za maliro amene akawapeza ataika kale. Ine ndinkangoyang'ana kagetsi. A Likoswe anandigulira chimanga, ndinachigwira m'manja mpaka chinazizira. Anandiuza za ana awo anayi, za denga limene akufuna kukafolera ndi malata asanu amene anatumiza kale, za njoka zimene zimatuluka akawotcha munda wa nzimbe. Sanandifunse kuti m'beseni muli chiyani, ndipo ndinawathokoza chamumtima.

Foni inalira cha m'ma wani. Anali amalume.

"Asiyatu, mwana wabadwa, wamkazi. Matenda anayamba utangochoka. Alhamdulillah, onse ali bwino."

Ndisanalulute n'komwe, amalume anapitiriza.

"Koma mlamu wakoyu wandiimitsa pakhomo la wodi. Akuti ndisatsegule pakamwa mpaka bambo ake ayambe. Bambo ake ati? Mwana wa Chisilamu akhale mpaka liti osamva dzina la Mulungu chifukwa cha chiwailesi?"

"Amalume, tipatseni mpaka madzulo."

"Uli pati?"

"Ndayandikira," ndinanama.

"Swala ya Magharibi ikakwana, dzuwa likamalowa, ndilowa, afune asafune. Ine ndi amene ndikayankhe kwa Mulungu, osati iwe."

Sindinganene kuti amalume ankalakwa. Iwo anasambitsa thupi la Twaibu ndi manja awo, ndipo ankafuna kumuchitira mwana wake chimene akudziwa. Ndinali ndisanabweze foni m'chikwama pamene inveta inalira koyamba, kaphokoso kakang'ono kobaya m'khutu. Inakhala chete pang'ono n'kuliranso.

A Likoswe anatuluka, anapita kukaona kutsogolo, anabwera atanyowa mpaka m'ntchafu.

"Tsidya linalo kuli maminibasi akutembenukira ku Salima. Anthu akuwoloka wapansi cha kumunsi. Madzi ndi a m'mawondo, koma akuthamanga. Mulimba mtima?"

"Nanga katundu wanu?"

"Shuga sazima, mayi. Ndidzamubwerera."

Ndinasenza beseni. A Likoswe anaika kreti paphewa, amuna awiri osawadziwa anandigwira m'zigongono uku ndi uku. Mvula inali ikuwazabe, ndipo nditangoyamba kuda nkhawa ndi madontho ndinaona ambulera itatambasuka pamwamba pa beseni. Anali mtsikana ndinamumenya uja, nsapato zake zili m'khosi, atanyamula mkono mpaka pomaliza kuti andifikire. Tinalowa m'madzi anthu asanu ngati munthu mmodzi, a Likoswe akuwerenga kuti phazi, phazi, phazi, inveta ikulira pamutu panga.

Ife akazi sitipita kumanda. Tsiku la maliro a Twaibu ndinangoona jeneza, chonyamulira maliro, ikukhota pa mtengo wa mango ili pamapewa a amuna, ine n'kubwerera kukatsuka mbale za anthu obwera kudzalira. Masiku onse otsatira ndinali wophika, wolandira alendo, wolimbitsa Patuma. Pakati pa madzi ofiira aja m'pamene ndinazindikira kuti ndikumuperekeza mlongo wanga, ndipo ndinalira mokweza, osatha kupukuta misozi chifukwa manja onse anali pa beseni. Amuna aja anandigwira zolimba. A Likoswe anangoti: "Lirani mayi, koma phazi lisaterereke."

Tsidya linalo tinapeza minibasi yotsala pang'ono kudzaza. A Likoswe anandiuza kuti batire la minibasi limakhala pansi cha kuseri kwa mpando wakutsogolo, ndipo injini ikamalira likhoza kudyetsa langa kudzera pa majampa. Dalaivala, mnyamata wa ndevu zometa bwino, anapukusa mutu tisanamalize.

"Ayi mayi. Galimoto ndi ya eni ake. Mawaya akapsa ndikanena kuti chiyani? Kuti ndimatchaja wailesi ya pasenjala?"

"Si wailesi."

"Nanga n'chiyani?"

Inveta tsopano inali ikulira mosalekeza. Ndinatula beseni pa mpando, ndinayang'ana mnyamatayo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinanena zonse pamaso pa anthu. Ndinati muno muli mawu a mlongo wanga amene tinamuika miyezi iwiri yapitayo, mwana wake wabadwa lero masana ndipo akudikira kumva bambo ake, chinthuchi chikazima ndiye kuti mwanayo sadzawamvanso mpaka kalekale. Ndinanena mokalipa, chifukwa ndi mmene ndimayankhulira ndikafuna kulira. Dalaivala anayang'ana kumbali, analavula kamtengo ka machesi kamene ankatafuna, n'kuitana kondakitala wake.

"Tsitsa anthu a mpando wakutsogolowo, akhale kumbuyo."

Palibe amene anadandaula. A Likoswe anathamanga kukatenga katundu wawo, anawolokanso kachitatu, n'kugwada pansi ndi majampa. Chofiira kwa chofiira, chakuda kwa chakuda, lakale osachotsa. Dalaivala analiza injini, ndipo patapita kanthawi inveta inakhala chete. Mayi wina wa yunifolomu ya chigwirizano cha kutchalitchi anati "Ambuye alemekezeke," ine ndinati "Amina." Mtsikana uja ndinamupepesa, ndinamuuza kuti tsopano akhoza kubaya foni yake. Anakana, akuti moto usachepe.

Msewu wochoka pamenepo kukafika ku Salima ndi wa maenje okhaokha, ndipo dzenje lililonse linkafuna kugwetsa majampa. A Likoswe anayenda ulendo wonsewo chogwada, atapanikiza zibano za majampa ndi manja awo a zipsera za masamba a nzimbe. Dalaivala ankazemba maenje ngati wanyamula mazira, mpaka kondakitala anamufunsa ngati wadwala. Pa Khombedza sanaime kutenga anthu ngakhale ankamukwezera manja.

Pa Salima tinasiyana. A Likoswe njira yawo inali ya ku Balaka. Anandikwezera katundu m'galimoto yaing'ono ya ku Lilongwe, anaonetsetsa kuti inveta ikupuma, n'kuwongola msana movutikira. Ndinali ndi chambo zinayi zowamba zimene ndinatengera a Gondwe, ndinawapatsa ziwiri. Anakana kawiri n'kulandira kachitatu. "Mukamupatse moni mwanayo," anatero, n'kusenza shuga wawo. M'chipwirikiti chimenecho sindinawafunse ngakhale nambala ya foni, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Mapiri a ku Mvera ndi Chezi sindinawaone. Ndinkangoyang'ana kagetsi ndi nthawi pa foni. Moto umene batire linamwa m'minibasi muja unatifikitsa pa Kanengo, pamene inveta inayambanso kulira tili pakati pa mzere wa magalimoto a anthu oweruka kuntchito. Woyendetsa galimotoyo atamva nkhani yanga kwa apasenjala anzanga anadutsa njira zachidule za m'makwalala mpaka kukanditula pakhomo penipeni pa a Gondwe ku Kawale. Nthawi inali itadutsa faifi.

A Gondwe ndinawapeza atakhala pa mpando pakati pa mashelefu achitsulo odzaza ndi makina ngati a Twaibu, onse ozima. Moni sitinapatsane. Analamula akazi awo kuti apanikize tchaja pa batire langa, kenako anandiuza pobaya chingwe chonenepa ngati chala kumbuyo kwa sampula. Ndi dzanja lawo lamoyo anadina pa kompyuta, ndipo zimene kagalasi kozilala kaja kankabisa zinatulukira pa sikirini, mndandanda wa mayina amene Twaibu analemba yekha: NGOMA, NKHAFI, MLUZU, NTHUNGULULU. Pansi penipeni panali MWANA.

"Tiyambe ndi iyi," anatero. Kamzere kanayenda pang'onopang'ono kuchoka kumanzere mpaka kumanja. "Yalowa. Tsopano ngakhale azime, ili kuno."

Anadina, ndipo Twaibu analankhula m'chipindamo. Anayamba mwamphamvu, mawu ake enieni a masiku asanadwale, moti ndinatembenukira kuchitseko. Mulungu ndi wamkulu, kanayi. Umboni woyamba, umboni wachiwiri. Pofika poitanira anthu ku swala mpweya unayamba kufupika, mawu n'kumatuluka ngati akukwera phiri. Anakakamira mpaka anamaliza kuitanira ku chipambano kachiwiri. Kenako chifuwa chinamugwira, chachitali, chija chinkatidzutsa tonse. Mpando unalira. Anapuma kangapo n'kunena chapansipansi kuti: "Aa, mpweya wathawa. Ndimalizitsa mawa." Mawu anathera pomwepo.

A Gondwe ndi Mkhristu, azana saidziwa. Anandifunsa ngati yatha bwino.

"Sinathe. Patsala mizere iwiri."

Anavula magalasi n'kuwapukuta pa malaya. Foni yanga inali ikulira m'chikwama, ndipo ndinadziwa kuti ndi amalume. Ndinayang'ana pa sikirini, pamene mawu a mlongo wanga anajambulika ngati minga ya chambo, yaitali kumutu, yaifupi kumchira. Ndinanena mizere iwiri yotsalayo chamumtima, monga ndaimvera kasanu pa tsiku moyo wanga wonse, ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachiganizepo. Azana imamaliza ndi mawu amene inayamba nawo. Mulungu ndi wamkulu, kawiri, anali kumayambiriro. Palibe wopembedzedwa koma Mulungu, anali m'kati mwa umboni woyamba, kungochotsa mawu akutsogolo oti ndikuikira umboni.

"Bambo Gondwe, kompyuta yanuyi imadula?"

"Imadula ngakhale mpweya, mayi."

"Imamatanso?"

Anakokera mpando wina pafupi ndi wawo. Iwo anali dzanja, ine ndinali khutu. Ndinkawauza kuti apa, bwererani pang'ono, mwadya chilembo, iwo n'kumakulitsa minga ija mpaka podula pataoneka. Ine amene ndinkanyoza munthu woswera pa ng'oma imodzi ndinawabweza mkuluyo kasanu pa liwu limodzi. Anachotsa chifuwa chija ndi mawu otsiriza aja, anakopera zidutswa ziwiri za kumayambiriro n'kuziika kumapeto, pakati pake anaikapo kampweya kamene anakatenga pena kuti pasamveke msoko. Titamvetsera yonse, akazi a a Gondwe anatuluka panja.

"Nanga izi tadulazi?" anafunsa a Gondwe.

"Sungani padera. Musatumize."

Tinatumiza pa foni ya mng'ono wake wa Patuma, amene ankamudikirira kuchipatala. Anaimba nthawi yomweyo pa foni ina kuti nanenso ndimve. Kunamveka phokoso la m'wodi, mabeseni, mwana wa wina akulira, amalume akuuza anthu kuti akhale chete. Kenako Twaibu anayamba, mawu ake ataonda chifukwa chodutsa m'mafoni awiri, monga ankanenera mwini wake. Palibe anakhosomola mpaka kumapeto. Ndinamva amalume akuyankha mzere womaliza.

Patuma anatenga foni. Ankalankhula motopa, koma ndinamva kuti akumwetulira.

"Alamu, mwamva mmene anamalizira? Ine masiku onsewa ndimaopa kuti mwina mpweya unamuthera panjira. Koma kumapetoko mawu achita kubwerera mphamvu, ngati sanadwalepo."

"Ndamva, mlamu."

"Anamaliza yonse."

"Anamaliza."

Limenelo linali bodza langa loyamba kwa Patuma, ndipo sindinalape.

A Gondwe anakopera ng'oma, nkhafi ndi zina zonse, kenako anachotsa chingwe chonenepa chija n'kuchikulunga pa bondo.

"Zonse zili m'kompyuta tsopano, mayi. Mukhoza kuzimitsa. Batani lake ndi ilo kumanzereko."

"Zimitsani ndinu."

"Ayi. Mwabwera naye ndinu."

Ndinakhala pamenepo nthawi imene sindikuidziwa, ndipo sanandifulumize. Tsiku lonse ndinamenya munthu, ndinawoloka madzi, ndinagwaditsa bambo wa eni ake kuchokera ku Benga mpaka ku Salima kuti chinthu chimenechi chisazime, ndiye chala changa chinkakana. Pomaliza ndinati Bismillah n'kudina. Kung'ung'udza kuja kunaleka. Ndinasiya dzanja langa pamwamba pa chitsulocho mpaka chinazizira.